Madzi osamba m'manja pa tebulo 7

Ndimalowa ntchito m'lesitilanti ina ya ku Cape Town 2 koloko masana, pomwe mlendo woyamba amafika dzuwa litapendeka kale, cha m'ma 6:30. Abale anga ku Dedza akandifunsa pa foni kuti maola onsewo ndimatani m'lesitilanti yopanda munthu, ndimawauza kuti ndimasita. Nsalu za patebulo zimabwera kochapa zili zopinda, ndipo mzere wa popindapo umatsala pakati. Timayala nsalu patebulo, kuwaza timadzi pang'ono, n'kuisita pomwepo ndi simbi, tebulo lililonse palokha, onse 14. Zikatha nsalu timapita ku matambula. Tambula ya vinyo sipukutidwa youma. Umaizondotsa pamwamba pa ndowa ya madzi otentha kuti nthunzi ilowe, n'kuipukuta ndi nsalu yosasiya ubweya, dzanja limodzi pa tsinde, lina m'kati, kenako n'kuikweza ku kuwala kwa windo. Ukaona kachidindo ka chala kapena kamzere ka mlomo wa munthu wa dzulo, umayambiranso. Alendo 40, aliyense matambula asanu ndi limodzi kapena kuposa apo, werengani nokha.

Kenako mipeni ndi mafoloko. Chilichonse chimakhala kutali ndi m'mphepete mwa tebulo ngati kukula kwa chala chachikulu, kuthwa kwa mpeni kuloza ku mbale. Ndikamaliza kuyendera zonsezi ndimachita chinthu chimodzi chimene anyamata atsopano amadabwa nacho: ndimakhala pa mpando uliwonse m'chipindamo. Ndimafuna kuona chimene mlendo adzaone. Ukaimirira sungadziwe kuti babu la pakona likulasa m'maso mwa wokhala pa mpando wachitatu, kuti mphepo ya pakhomo ikugwera pakhosi pa wina, kapena kuti chitseko cha kukhitchini chikatsekuka wa pa tebulo 9 amaona ndowa ya zinyalala. Tebulo logwedera nalonso limadziwika ukatsamirapo ndi chigongono, monga amachitira munthu amene wayamba kumasuka.

Ntchitoyi ndinaiyambira ku Senga Bay, pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja, kunyamula chambo ndi tchipisi kupititsa kwa alendo okhala pamchenga. Mu 2012 ndinakwera basi, kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, ndipo nditafika ku Cape Town ndinayamba ndi kutsuka mbale, monga Amalawi ambiri a kuno. Kuchoka pamenepo ndinakhala wonyamula mbale kuchokera kukhitchini, kenako woperekera zakudya, ndipo lero ndine woyang'anira onse operekera m'lesitilanti ina imene mlendo amadya mbale zing'onozing'ono 8 zotsatizana kwa maola atatu. Mtengo wa chakudya cha munthu mmodzi umaposa lendi imene ndinkalipira pa kachipinda kanga koyamba ku Dunoon. Zimenezi sindiziiwala, ndipo n'chifukwa chake kachidindo ka chala pa tambula sindikatenga mopepuka.

Dongosolo limene timatsata linachokera ku France. Auguste Escoffier, wophika amene anagwira ntchito ndi César Ritz ku hotela ya Savoy ku London kuyambira 1890, ndiye anagawa khitchini m'magawo: wina wa msuzi, wina wa nsomba, wina wa nyama yowotcha, wina wa zotsekemera, onse kumvera mawu a munthu mmodzi. Mpaka lero shefu wathu, mkulu wa ophika, akaitana mbale, khitchini yonse imayankha pamodzi, ndipo zonse zimene zakonzedwa alendo asanafike timazitchulabe m'Chifalansa, mise en place. Dongosololi ndimalilemekeza chifukwa popanda ilo mbale 320 sizingatuluke usiku umodzi zili zotentha. Koma silinandiuze kuti zonsezi timachitiranji. Amene anandiuza ndi agogo anga aakazi, amene sanalowepo m'lesitilanti moyo wawo wonse.

Mlendo akati odi pabwalo pathu, agogo ankayamba kuyang'ana mapazi ake. Fumbi likafika m'miyendo ankadziwa kuti munthuyu wachoka kutali, ndipo asanayambe n'kulonjerana komwe, mmodzi wa ife anali atatumidwa kale ndi diso kukatenga chikho cha thobwa. Mlendo sankafunsidwa ngati ali ndi njala. Kufunsa kunali kumuchititsa manyazi, chifukwa munthu waulemu adzakana. Ankangomva nkhuku ikulira kuseri kwa nkhokwe. Miyezi ya June ndi July, pamene Dedza amazizira mpaka m'mafupa, madzi osamba m'manja ankayamba atenthetsedwa, ndipo agogo ankawayesa ndi chala chawo asanandipatse jagi. Nsima inkapita yovundikira ndi mbale ina, nthutumba ili pamwamba pa ndiwo kuti mlendo adziwe kuti nkhukuyo yaphedwera iye. Ndikaika chakudya ndinkatuluka, koma osapita kutali. Ndinkakhala pakhonde, pafupi ndi chitseko, pomwe mlendo sakundiona koma ine ndikumva. Supuni ikagunda pansi pa mbale ya ndiwo, ndinkadziwa choti ndikanene kukhitchini.

Kukhala pafupi osamuyang'anitsitsa munthu ali kudya, chimenecho ndicho chovuta kwambiri kuphunzitsa. Mnyamata watsopano amalakwa mbali ziwiri: mwina amangoti njo pambali pa tebulo ngati mlonda, kufunsa mbale iliyonse ngati yakoma, kapena amasowa pa nthawi imene mlendo wakweza mutu kufuna buledi. Ine ndimawauza kuti kusita kuja, kupukuta kuja, kuyeza mafoloko ndi chala kuja, timachita masana kuti usiku maso asatanganidwe ndi zinthu. Ngati 8 koloko ukusakabe supuni yoyera, sungaone kuti bambo wa pa tebulo 4 wasamutsa tambula yake kupita kumanzere kawiri konse chifukwa ndi wamanzere, ndipo kuyambira mbale yotsatira uyenera kumuikira zonse mbali imeneyo osanena kanthu. Sungaone kuti awiri a pawindo asiya kulankhulana ndipo mkaziyo akuyang'ana panja, kotero kuti ino si nthawi yowafotokozera za nkhosa ya ku Karoo ndi zitsamba zimene imadya.

5 koloko timakumana tonse, operekera ndi ophika, kuwerenga mndandanda wa obwera usikuwo. Uyu ndi tsiku lake lobadwa. Uyu sadya nkhumba. Uyu anabwera chaka chatha ndipo anakonda vinyo wa Chenin blanc wa ku Swartland. Zonsezi timazisunga mu kompyuta, ndipo zimathandiza, koma ndimachenjeza anzanga kuti kudziwa zambiri za munthu kumafuna pakamwa polemera. Mayi amene ulendo watha anamwa vinyo ndi mbale iliyonse, lero akapempha madzi okha, usamukumbutse za vinyo uja. Mwina ndi woyembekezera ndipo sanauze anthu amene wakhala nawo patebulopo. Mwina akudwala. Thira madziwo mu tambula yokongola ngati ya anzake, upitirire.

Za ziwengo ndiye sindinyengerera munthu, chifukwa ndinatsala pang'ono kupha munthu. Unali December, nthawi imene Cape Town amadzaza alendo a ku Ulaya othawa chisanu. Mayi wina anaimba foni masana kunena kuti mwamuna wake mtedza umamuwenga kwambiri, mpaka kubanika. Ndinalemba pa kapepala, n'kukaika m'thumba la malaya chifukwa galimoto ya vinyo inali itafika pakhomo, ndipo kapepalako sikanatulukemonso. Mbale zisanu ndi ziwiri zinadutsa bwinobwino popeza munalibe mtedza. Yomaliza inali ya chokoleti yokhala ndi mtedza wa hazelnut wopera pansi pake. Mtsikana wina wa ku Eastern Cape, amene anali ndi miyezi iwiri yokha pa ntchito, ndiye anainyamula, ndipo asanaike patebulo anafunsa funso limene tinamuphunzitsa kuti azifunsa pa mbale iliyonse ya mtedza, ngakhale pepala likunena kuti palibe vuto. Ndinaona mayi uja akugwira mkono wa mwamuna wake. Mawondo anga anafooka. Ndinapita ndekha patebulopo kukanena kuti uthenga wawo ndinaulandira ndine ndipo ndine ndinalephera kuufikitsa, kenako ndinakanena chimodzimodzi kwa shefu, pamaso pa khitchini yonse. Kuyambira tsiku limenelo funso la ziwengo timalifunsa katatu: posungitsa malo, mlendo akangokhala pansi, ndi mbale yoopsayo isanafike patebulo. Foni ikalira sindiiika pansi ndisanalembe mu kompyuta, kaya pakhomo paima ndani.

Kulandira alendo ndi zochepa ndinakuonanso mu 2018, chilala chitavuta kuno mpaka boma la mzinda kulamula kuti munthu aliyense asapitirire malita 50 a madzi pa tsiku. Madzi otsala m'majagi a patebulo ndi ayezi wosungunuka wa m'ndowa za vinyo tinkasonkhanitsa kuti tikolopere pansi. Palibe mlendo anachoka akumva kuti tamumana. Kwa ine, amene ndinakula ndikutunga pa mjigo, sizinali zachilendo.

Pali china chimene eni malesitilanti ena sachiona. Munthu wa njala sangamwetulire mlendo kwa maola asanu. 4:30 timadya tonse pamodzi, shefu, operekera, ndi amayi otsuka mbale, patebulo limodzi kuseri, ndipo ndinalimbikira kuti chakudyacho chizikhala chophikidwa bwino, osati zotsala zongotenthetsa. Kangachepe kamene alendo amasiya, nthawi zambiri 10 peresenti ya bilu kapena kuposa, timagawana mpaka kwa otsuka mbale, chifukwa tambula yoyera imene mlendo amayamikira woperekera inayambira m'manja mwa mayi amene waima pa sinki kuyambira masana. Ndinaimapo pa sinki imeneyo ndipo ndikudziwa mmene msana umapwetekera ikamakwana 11 koloko.

Tsopano za tebulo 7. Unali usiku wa July, mvula ya kuno ya m'nyengo yozizira ikugwa chopingasa ndi mphepo. Pa mndandanda ndinaona mfunda wa kwathu, anthu awiri, ndi mawu akuti ndi ulendo woyamba wa amayi a wosungitsa maloyo ku South Africa. Anafika mnyamata wa zaka ngati 30, wovala suti yabwino, atagwira mkono wa mayi wachikulire wovala juzi, chitenje chatsopano chimene chinali chisanachapidwepo, ndi duku. Ndinawalandira m'Chingerezi monga ndimachitira ndi aliyense, kutenga ambulera yawo, n'kuwakokera mipando. Mayiwo anakhala kumapeto kwenikweni kwa mpando, chikwama chili pamiyendo, manja onse awiri atachigwira. Maso awo anayenda pa mafoloko, pa matambula, pa azungu a tebulo loyandikana nalo. Ndikuthira madzi ndinamva akunong'oneza mwana wawo kuti, "Iwe, tiye tizipita. Kuno si kwa anthu ngati ife."

Sindinayankhe nthawi yomweyo. Si Mmalawi aliyense amene amafuna kulankhulidwa Chichewa pamalo ngati pano. Ena amabwera kudzapumako ku kudziwika, ndipo ndi ufulu wawo. Ndinayang'ana mnyamatayo. Nkhope yake inali itagwa. Ndinaona kuti ndalama zimenezi wazisunga miyezi ingapo, ndipo zonse zikutha mbale yoyamba isanabwere. Ndiye ndinaika jagi pansi, n'kuzungulira mbali ya amayi, kunjuta mpaka mutu wanga utatsika kuposa wawo, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Takulandirani amayi. Mwaswera bwanji?"

Anandiyang'ana kaye ngati sanamve. Kenako anaomba m'manja pang'onopang'ono. "Aa, ndinu a kwathu? A kuti inu, bambo?" Ndinati a ku Dedza. Iwo anali a ku Ntcheu, kufupi ndi Lizulu, kumene mabasi amaima anthu n'kugula mbatata ya kachewere ndi kabichi pawindo. Anandifunsa mfumu yathu, anandifunsa ngati makolo alipo, anandifunsa ngati chimanga chinachita bwino kwathu chaka chimenecho. Chikwama chija chinatsika pamiyendo n'kukhala pa kampando kamene timaikira zikwama.

Ndinatuma mnzanga kuchotsa mafoloko ndi mipeni yonse patebulopo, ya amayi ndi ya mwana wawo yomwe, kuti pasaoneke kusiyana, ndipo usiku wonse tinkabweretsa chida chimodzi chokha chofunika pa mbale imene ikubwera. Kenako ndinalowa kuseri. Beseni tilibe, koma tili ndi mbale yaikulu yasiliva imene timaziziritsiramo mabotolo a vinyo wa thovu wa Cap Classique. Ndinaitsuka, kuthira madzi ofunda mu jagi, kuwayesa ndi chala, n'kutenga kathawulo koyera. Ndinagwada pambali pa mpando wawo pakati pa chipinda chodzaza anthu, n'kuwathirira madzi m'manja. Anasamba bwinobwino, chala chimodzichimodzi, osafulumira, monga amasambira pakhomo pawo. Tebulo loyandikana nalo linasiya kulankhula. Mwana wawo naye anatambasula manja.

Mbale yoyamba inali itanyamuka kale kukhitchini pamene ndinaona amayi akuweramitsa mutu. Ndinakweza dzanja, wonyamula mbale anaima pomwe anali, pakati pa njira, mbale ziwiri zili m'manja. Pemphero linali lalitali ndithu. Anapempherera mwana wawo, ulendo wawo, odwala a kumudzi, ndi manja amene akonza chakudyachi. Chakudya cha mtundu wathu sichidikira, shefu amawerenga masekondi kuchokera pamene mbale yachoka m'manja mwake, ndipo ndinkamuona akusuzumira. Mbalezo zinabwerera kukhitchini n'kukonzedwanso. Atati ameni, zatsopano zinali zikufika.

Anzanga ena anandifunsa pambuyo pake chifukwa chimene sindinawaphikire nsima, popeza ufa wa pap, nsima ya kuno, umakhalapo wa chakudya chathu antchito, ndipo mthiko ndimautha. Ndinaganizapo, koma ndinakana. Mnyamata uja nsima akanatha kuwaphikira kunyumba kwake. Anawabweretsa kuno kuti alawe dziko limene iye akukhalamo tsopano, aone kumene sukulu imene anamulipirira ndi ndalama za mbatata yamufikitsa. Kuwapatsa nsima kukanakhala kuwauza kuti zinazi si zawo. Ntchito yanga inali kuwatsegulira chitseko cha chakudya chomwecho chimene wina aliyense m'chipindamo ankadya. Ndiye mbale iliyonse ndinkaifotokoza m'mawu a kwathu. Nsomba ya yellowtail ndinati ndi ya m'nyanja ya mchere, ya mnofu wolimba, yopanda timinga tambiri ngati ta chambo, ndipo akhoza kuigwira ndi manja ngati afuna. Anaigwira ndi manja. Waterblommetjie ndinati ndi maluwa a m'madamu amene amaphuka nyengo yozizira ino, anthu a kuno amawaphika ndi nyama ngati ndiwo zamasamba. Anati akukoma ngati zitheba. Oyster wa ku Saldanha, kanyama ka m'chigoba ka m'nyanja ya mchere, anangomuyang'ana n'kupukusa mutu, ndipo sindinawakakamize. Mwana wawo anadya onse awiri.

Pa nyama ndipo ndinakalankhula ndi shefu. Nkhosa yathu imatuluka yofiira m'kati, ndipo ndinadziwa kuti kwa amayi imeneyo ndi nyama yaiwisi. Wophika wonyada sakonda kuuzidwa kuti apsereze nyama yake yabwino, koma wathuyu anangofunsa kuti, kwawo amaidya bwanji? Ndinati yofewa, yochoka yokha pa fupa, ya msuzi. Anali ndi phewa la nkhosa limene linaphikidwa pa moto wochepa kuyambira m'mawa, lokonzera mbale ina. Anadula chidutswa chabwino, n'kuchikongoletsa chimodzimodzi ngati cha ena onse, msuzi n'kuonjezera. Mbaleyo inabwerera kukhitchini itapukutidwa ndi buledi.

Vinyo sanamwe. Mwana wawo anamwa tambula imodzi ya Pinotage, ataipempha mwamanyazi, maso ali kwa amayi ake. Pomaliza ndinawafulira tiyi wa rooibos wothira mkaka wotentha, ndipo shuga ndinaika mbale yonse pafupi ndi dzanja lawo n'kuchokapo. Timaswiti tating'ono timene timabweretsa ndi tiyi anadyako kamodzi, totsalato ndinawaona akutikulunga m'kansalu kopukutira pakamwa, kuti akapatse adzukulu. Ndinapempha wa zotsekemera kuti adzaze kabokosi, n'kukamanga ndi riboni.

Pakhomo, ndikuwatambasulira ambulera, anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. "Mwatisunga, bambo. Mukaimba foni kumudzi mupereke moni kwa mayi anu, muwauze kuti analera." Mnyamata uja sananene zambiri, anangondigwira paphewa. Ndinawaperekeza mpaka pa galimoto, mvula ikundinyowetsa msana, n'kudikira mpaka atakhota.

Nditabwerera m'kati tebulo 11 linali likufuna bilu ndipo kandulo ya pa tebulo 3 inali itazima. Tinatseka cha m'ma 12. Galimoto yotitula antchito isanafike ndinakhala pa kompyuta, n'kutsegula dzina la mnyamata uja, n'kulemba m'munsi mwake kuti amene adzawalandire ulendo wina adzapeze: amayi amapemphera asanadye, mbale yoyamba isanyamuke mpaka atamaliza. Madzi osamba m'manja, ofunda. Nyama ipse. Tebulo 7 ngati lilipo, mpando woyang'ana kukhoma kuli moto.